Digiri ya za Umoyo ndi Njira Yopezera Nchito

Nkhani ya lero ikhudza anyamata ndi asungwana amene atsiriza maphunziro a za umoyo ku yunivesite, koma digiri yao siwachula kuti ndi madotolo, anamwino kapena osakaniza mankhwala. Ikhudzanso makolo ao, amene anagulitsa fodya, mbuzi ndi mtedza kuti ana aphunzire. Zitsanzo zace zatengedwa ku Malawi, koma omvera a ku Zambia, ku Zimbabwe ndi kwina adzaona kuti zambiri zifanana ndi za kwao.

Masukulu ophunzitsa za umoyo aculuka masiku ano. Kamuzu University of Health Sciences inayamba kuima payokha m'caka ca 2021, pamene College of Medicine ya ku Blantyre, imene inatsegulidwa mu 1991, inaphatikizidwa ndi Kamuzu College of Nursing. Mzuzu University nayonso iphunzitsa za umoyo, ndipo alipo masukulu a mipingo, monga la ku Malamulo m'boma la Thyolo ndi University of Livingstonia. M'masukulu otere ena aphunzira udotolo, ena unamwino, koma alipo enanso amene maphunziro ao ndi a ponseponse. Iwowa aphunzira za thupi la munthu, za tizilombo toyambitsa matenda, za zakudya, za ukhondo wa m'midzi, za kawerengedwe ka odwala, ndi za kayendetsedwe ka zipatala. Munthu wotere adziwa zambiri ndithu, koma pa tsiku lolandira digiri sakhala ndi dzina la nchito imodzi yodziwika. Kumudzi ayamba kumuchula "adotolo", nayembekeza kuti mwezi wa mawa ayamba kulandira malipiro. Miyezi ipita, makalata opempha nchito sayankhidwa, ndipo ngongole imene anatenga ku bungwe la Boma lobwereketsa ndalama kwa ophunzira, limene linakhazikitsidwa mu 2015, ili kumdikira.

Cinthu coyamba cimene banja lonse liyenera kumvetsa ndi cakuti pa nchito za cipatala pali mapepala awiri osiyana. Loyamba ndi digiri, imene icitira umboni kuti munthu anaphunzira ndipo anapambana mayeso. Laciwiri ndi ciphaso ca bungwe losunga kaundula, cimene cipatsa munthu cilolezo ca kupima wodwala, kumbaya jakisoni, kumlembera mankhwala kapena kucirikiza mai pobereka. Digiri ipatsidwa ndi sukulu, koma ciphaso cipatsidwa mwa lamulo la dziko. Ku Malawi madotolo, madotolo a mano ndi othangata ao alembedwa m'kaundula wa Medical Council of Malawi, monga mwa lamulo la 1987. Anamwino ndi azamba ali ndi bungwe lao, la Nurses and Midwives Council, ndipo osakaniza ndi ogulitsa mankhwala ayang'aniridwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority, monga mwa lamulo la 2019. Mabungwe awa salemba munthu cifukwa cakuti ali ndi nzeru zambiri ai. Amlemba pokhapokha ngati anatsata maphunziro amene iwo anabvomereza pa nchito imeneyo, ndi kugwira nchito m'manja mwa akuluakulu kwa nthawi yoikika.

Zimenezi si zacilendo. Dr Hastings Kamuzu Banda anatsiriza udotolo ku Meharry Medical College ku America m'caka ca 1937, koma digiri imeneyo sinamloleze kuciza anthu m'maiko olamulidwa ndi Britain. Anayenera kupita ku Edinburgh ndi kulowanso m'kalasi, ndipo analandira mapepala ofunikawo mu 1941. Ngati munthu amene anali kale dotolo anatsekeredwa khomo cifukwa ca kusowa ciphaso, nanga amene digiri yace sinamkonzere nchito ya pa bedi la wodwala adzalowa bwanji? Cifukwa cace wotsiriza digiri ya ponseponse asataye mapepala ndi ndalama za thiransipoti polembera malo a namwino kapena a dotolo wamng'ono. Kalata yace idzaikidwa pambali asanaiwerenge mpaka pansi, ndipo olemba nchito sadzakhala atamlakwira.

Cinthu caciwiri ndi kalembedwe ka nchito m'Boma. Anthu ambiri adabwa kuti zipatala zidandaula za kucepa kwa anchito pamene ophunzira ali kukhala pakhomo. Cifukwa cace ndi ici. Malo onse a nchito m'Boma analembedwa m'buku, ndipo malo alionse ali ndi dzina lace, giredi yace, ndi mapepala oyenera munthu wowatenga. Ngakhale malowo akhale opanda munthu, sangalengezedwe kufikira a Nthambi ya za Cuma atabvomereza kuti ndalama za malipiro zilipo. Pamenepo mpamene a Health Service Commission, kapena a Local Government Service Commission pa malo a m'maboma, aitana anthu ku mafunso. Zipatala za mishoni monga Nkhoma, Ekwendeni, Embangweni, Likuni ndi St Luke's ya ku Malosa, zimene zili pansi pa Christian Health Association of Malawi ndipo zithangata pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a odwala, nazonso zidalira Boma pa malipiro a anchito ambiri. Motero ngakhale anamwino a ziphaso zao nthawi zina adikira zaka asanaitanidwe. Tsono amene alibe ciphaso, akangoyang'ana khomo la Boma lokha, adzadikira koposa.

Koma nchito ya umoyo sithera pa bedi la wodwala. Kunja kwa wodi kuli nchito zambiri zimene zifuna munthu wodziwa za matenda, wodziwa kuwerengera, ndi wodziwa kulankhula ndi anthu, ndipo kumeneko ndi kumene digiri ya ponseponse ili ndi mtengo wace.

Khomo loyamba ndi la kafukufuku. Ku Blantyre kuli Malawi-Liverpool-Wellcome Programme, Blantyre Malaria Project ndi Johns Hopkins Research Project. Ku Lilongwe kuli UNC Project, pafupi ndi Kamuzu Central Hospital. Ku Chilumba m'boma la Karonga kuli kafukufuku amene anayamba mu 1979 pofufuza za khate, ndipo pambuyo pace anatembenukira ku cifuwa cacikulu, Edzi, shuga ndi kuthamanga kwa magazi. Kuti omvera aone kukula kwa nchito zotere, akumbukire za katemera wa taifodi amene anayesedwa ku Ndirande ndi ku Zingwangwa kuyambira m'caka ca 2018. Ana oposa 28,000 analowa m'kafukufukuyo. Madotolo ndi anamwino ndiwo anabaya katemera ndi kupima ana odwala, koma panafunikanso anthu ena ambiri. Ena anapita kwa mafumu, m'masukulu ndi m'mipingo kukafotokoza colinga cace. Ena anakhala pansi ndi makolo kuwawerengera pepala la cilolezo m'cinenero cao kuti abvomere akudziwa. Ena analemba dzina, zaka ndi mudzi wa mwana aliyense, ena analondola ana amene anasamuka, ndipo ena anafananiza zolembedwa tsiku ndi tsiku kuti pasakhale colakwa. Zotsatira zinasonyeza kuti katemerayo achinjiriza ana pafupifupi 8 mwa 10 alionse, ndipo mu May 2023 anayamba kuperekedwa m'dziko lonse. Popanda anthu a makaundula aja, ciwerengero cimeneco sicikanadziwika.

Khomo laciwiri ndi la ziwerengero. Cipatala caciconse cacing'ono cilemba m'mabuku odwala malungo, amai oyembekezera, ana olandira katemera ndi mankhwala otsala m'nkhokwe, ndipo pakutha pa mwezi citumiza lipoti ku boma. Kumeneko ziwerengerozo zilowetsedwa m'kompyuta, m'dongosolo lochedwa DHIS2, limene linakonzedwa ku University of Oslo ndipo ligwiritsidwa nchito ndi Unduna wa za Umoyo. Lipoti likalakwika, boma lina lilandira mankhwala oculuka pamene lina lisowa. Cifukwa cace mabungwe afuna anthu otha kuona kuti ciwerengero ici sicigwirizana ndi cinzace, ndi kufunsa cifukwa. National Statistical Office ya ku Zomba nayonso ilemba anthu a kanthawi pa nthawi ya kalembera, monga wa 2018, ndi pa kafukufuku wa umoyo wa mabanja. Nchito zimenezi ndi za miyezi yowerengeka, koma ziphunzitsa munthu zambiri, ndipo zimsiyira umboni wolembedwa.

Khomo lacitatu ndi la kuchinjiriza matenda. Kolera amene anayamba ku Machinga mu March 2022 anafika m'maboma onse, nagwira anthu oposa 58,000, napha oposa 1,700. Amene anali m'mahema a odwala anali anamwino ndi madotolo, koma amene anadula njira ya matendawo anali anthu oyenda m'midzi pamodzi ndi alangizi a za umoyo, kuthira mankhwala m'zitsime, kuwerenga zimbudzi, kulondola kumene wodwala anamwa madzi, ndi kukonza ndondomeko ya katemera. Cimodzimodzinso pamene poliyo anapezeka ku Lilongwe mu February 2022, ndi pamene namondwe Freddy anasakaza maboma a kum'mwera mu March 2023. Pa nthawi zotere Boma, a Red Cross ndi mabungwe ena afuna anthu msanga, ndipo atenga amene ali pafupi ndi amene awadziwa kale.

Alipo makomo ena amene ambiri sawaganizira. Makampani a tiyi ku Thyolo ndi ku Mulanje, ndi a shuga ku Nchalo ndi ku Dwangwa, ali ndi anchito zikwizikwi, ndipo asamala za ukhondo ndi za kupewa ngozi pa nchito. Malawi Blood Transfusion Service ifuna anthu okopa opereka magazi m'masukulu ndi m'mipingo. Mabungwe a inshuwalansi ya cipatala afuna anthu omvetsa mapepala ocokera kwa madotolo. Nkhokwe za mankhwala zifuna odziwa kusunga ndi kutumiza katundu pa nthawi yace. Partners In Health, amene anthu a ku Neno awadziwa ndi dzina lakuti Abwenzi Pa Za Umoyo, akhala akugwira nchito m'bomalo kuyambira 2007, ndipo nchito yao yambiri ndi ya m'midzi.

Pano pafunika cenjezo. Nchito zambiri za mabungwe zidalira ndalama za maiko akunja, ndipo ndi za kontirakiti ya caka cimodzi kapena ziwiri. Mu January 2025 Boma la America linaimitsa thandizo lace la maiko akunja, ndipo m'caka comweco bungwe la USAID linatsekedwa. Anthu ambiri a m'maiko a kuno, amene anali kugwira nchito za Edzi, malungo ndi zakudya za ana, anauzidwa kuti akhale pakhomo. Motero opikisana nao aculuka, ndipo ena mwa iwo ali ndi zaka zambiri pa nchito. Amene apeza malo otere asayambe kumanga moyo wace wonse pa malipiro a miyezi khumi ndi iwiri. Asunge ndalama pang'ono, ndipo aonjezere luso pamene nchito ikadalipo.

Nanga munthu alowa bwanji pa makomo amenewa? Coyamba, asankhe luso limodzi ndi kulidziwa bwino, kuti digiri yace ya ponseponse ikhale ndi nsonga. Wolemba nchito akafunsa kuti, "Kodi mutha kucita ciani?" yankho lakuti "ciriconse ca za umoyo" limveka ngati kunena kuti palibe. Koma wina akati atha kusonkhanitsa mayankho pa foni ndi ODK kapena REDCap, atha kukonza ziwerengero ndi Excel, Stata kapena R, ndipo atha kulemba lipoti la masamba awiri lomveka, wofunsayo aona pomwepo desiki limene angamuike. Wofuna kulowa m'kafukufuku atenge setifiketi ya Good Clinical Practice, imene iphunzitsa za kusunga ufulu ndi cinsinsi ca anthu olowa m'kafukufuku. Maphunziro amenewa ndi afupi, ndipo ena apezeka pa intaneti kwaulere.

Caciwiri, kalata yopempha nchito ilembedwe molunjika malo amene alengezedwa. Kalata imodzi yotumizidwa ku maofesi makumi awiri izindikirika msanga. Munthu awerenge cilengezo mosamala, aone zinthu zitatu kapena zinai zimene afuna, ndipo asonyeze pamene anacitapo cimodzi ndi cimodzi. Kafukufuku wa caka cotsiriza ca ku yunivesite ndi nchito yeniyeni, ndipo ayenera kufotokozedwa: anafunsa yani, kuti, anapeza ciani. Zinenero nazonso zilembedwe, pakuti wodziwa Ciyao afunika ku Mangochi ndi ku Machinga, wodziwa Cisena afunika ku Nsanje ndi ku Chikwawa, ndipo wodziwa Citumbuka afunika kumpoto. Anthu omcitira umboni akhale amene anamuona akugwira nchito, monga mphunzitsi amene anayang'anira kafukufuku wace, ndipo apemphedwe poyamba dzina lao lisanalembedwe.

Cacitatu, asanyoze poyambira pang'ono. M'caka ca 2018 Boma la Malawi linayambitsa dongosolo lotumiza otsiriza digiri m'maofesi ace kuti akaphunzire nchito akulandira kangacepe. Maofesi a za umoyo a m'maboma ndi mabungwe ena nthawi zina alandiranso anthu odzipereka. Akuluakulu anati pang'onopang'ono ndi mtolo. Komabe wodzipereka acenjere: apangane ndi bwana wace za kutalika kwa nthawi, za nchito imene adzaphunzira, ndi za kalata ya umboni pa mapeto, kuti asakhale zaka ziwiri akutumidwa kukagula mandasi. Ndiponso asaumirire kukhala mu Lilongwe kapena mu Blantyre, kumene anzace onse ali. Malo a ku Chitipa, ku Neno kapena ku Nsanje salimbiranidwa kwambiri, ndipo kumeneko munthu wacinyamata apatsidwa udindo msanga.

Ilipo njira ina, ya kubwerera ku sukulu. Amene mtima wace uli pa kusamala odwala angathe kuyambanso maphunziro opereka ciphaso, monga unamwino kapena nchito ya m'labotale, ngakhale kuti adzakhala m'kalasi ndi acing'ono ace. Asanalipire ndalama iliyonse, apite yekha ku bungwe la kaundula kukafunsa ngati maphunzirowo ali obvomerezeka. Ena athamangira digiri yaciwiri poganiza kuti mapepala akaculuka nchito ibwera. Koma digiri yaciwiri ya ponseponse pamwamba pa yoyamba ya ponseponse siisintha bvuto, ingoonjezera ngongole. Ithandiza kwambiri munthu amene wagwirapo nchito zaka ziwiri kapena zitatu ndipo adziwa cimene asowa, kaya ndi kulondola miliri, kaya ndi ziwerengero, kaya ndi cuma ca zipatala.

Oganiza za kupita kunja adziwe kuti kumenekonso kaundula alipo. Ku South Africa kuli Health Professions Council, ndipo ku Britain kuli General Medical Council ndi Nursing and Midwifery Council. Ambiri a digiri za umoyo ocokera m'maiko a kuno anapita ku Britain kukasamala okalamba, koma mu July 2025 Boma la kumeneko linatseka njira yolembera anthu a nchito imeneyo kucokera kunja. Munthu wolonjeza za ulendo wotere ndi kupempha ndalama ayenera kufunsidwa bwino.

Pali maenje awiri amene munthu wotopa ndi kudikira angagweremo. Loyamba ndi kuyamba kuciza anthu mobisa. Popeza mudzi wonse umuchula "adotolo", anthu abwera usiku ndi mwana wotentha thupi, ndipo nkobvuta kuwabweza. Koma jakisoni wobayidwa pa malo olakwika pa thako la mwana angathe kupuwalitsa mwendo, ndipo mankhwala opha tizilombo operekedwa mwacisawawa aphunzitsa tizilomboto kupirira, kotero kuti tsiku lina mankhwalawo sagwiranso nchito. Kuonjezera apo ndi mlandu, ndipo munthu wopezeka nao adzitsekera yekha makomo onse achulidwa aja. Thandizo loyenera ndi kuperekeza wodwalayo ku cipatala msanga. Dzenje laciwiri ndi ciphuphu. Alipo anthu oimba foni, nanena kuti dzina latuluka pa mndandanda koma pafunika ndalama za fomu kapena za mayeso a cipatala. Nchito yoona ilengezedwa poyera, m'nyuzi kapena pa tsamba la bungwe lenileni, ndipo siigulidwa. Wopereka ndalamazo ataya cuma, ndipo iyenso alakwira lamulo.

Makolo ali ndi mbali yao pa nkhani imeneyi. Mwana amene wapeza nchito yoyenda ndi foni m'midzi kufunsa amai za katemera sanalephere, ngakhale sabvala mkanjo woyera. Mau onyoza a pakhomo ndiwo akankhira ana ambiri m'maenje aja. Ndipo kwa amene ali mu Fomu 4 ndipo ali kusankha maphunziro, mafunso atatu ayenera kufunsidwa asanalembe fomu: kodi sukuluyo ndi maphunzirowo anabvomerezedwa ndi National Council for Higher Education, kodi ndi bungwe liti limene lidzamlemba m'kaundula akatsiriza, ndipo kodi amene anatsiriza caka catha ali kugwira nchito kuti? Sukulu yabwino iyankha mafunso amenewa mosabisa. Safunsa anadya phula.

Dziko lifuna anthu ocepetsa odwala monga momwe lifunira anthu owaciza, ndipo wotsiriza digiri ya ponseponse anaphunzira nchito yoyambayo. Cimene catsala kwa iye ndi kusiya kugogoda pa khomo limene lifuna ciphaso, kusankha luso limodzi limene angalichule ndi dzina, ndi kupita nalo kumene lifunika, ngakhale kukhale kutali ndi tauni.